Chidindo cha Apongozi

Apongozi ake a mng'ono wanga anali ndi timaenje tiwiri pa mlomo wam'munsi. Tinali tating'ono, ngati pamene munthu wabaya mtanda wa mandasi ndi kamtengo ka machesi, kena uku kena uku. Mwana wawo, amene ndi mlamu wanga, anali nato. Mlongo wake wa mlamu wangayo analinso nato, pamodzi ndi ena mwa ana ake. Wina akanachita nato manyazi, koma osati mayi aja. Iwo ankatinyadira, ankatitcha chidindo. Mwana akabadwa pabanja pawo, anthu ena ali kalikiliki kufunsa ngati mayi wachira bwino, iwo ankayamba ndi kupinda kamlomo ka khandalo ndi chala. Akatipeza ankaseka mokweza n'kunena kuti, "Chidindo chilipo. Ameneyu ndi wathu, palibenso zofunsa."

Tinkakhala mu komboni ya Malota nthawi imeneyo, zaka zija za m'ma 1990 pamene kunjanji anayamba kuchotsa anthu ntchito ndipo mafakitale a mu Livingstone ankatsekedwa motsatizana. Ine ndinkaoloka mlatho kupita tsidya la Zimbabwe kukagula majarini, sopo ndi buledi n'kumadzagulitsa pakhomo. Makolo athu anali kutali, kumudzi ku Katete, choncho kwa mng'ono wanga ine ndinali mkulu wake, ndinalinso mayi wake. Iye anali munthu wofatsa, wamanyazi, wosiyana ndi ine amene pakamwa panga sipasunga kanthu. Anakwatiwa ndi dalaivala wonyamula alendo kuchokera kubwalo la ndege kupita kumahotela a kumathithi, ndipo ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya apongozi akewo. Apongoziwo analinso a kwathu kum'mawa, anabwera kalekale kutsatira amuna awo amene ankagwira ntchito kunjanji. Anali mayi wa yunifolomu kutchalitchi, wotsogolera nyimbo pamaliro.

Mwana woyamba wa mng'ono wanga anabadwa m'nyengo ya dzuwa lowawula lija la Okutobala. Ine ndinali pakhonde la chipatala ndi tiyi m'fulasiki pamene namwino anatuluka n'kundikodola. Sanamwetulire. Anati, "Inu ndinu akulu ake? Lowani kaye nokha."

Anali mwana wamkazi, watsitsi lambiri, wamanja onenepa. Koma mlomo wake wam'mwamba unali wong'ambika mbali yakumanzere kufika m'mphuno, ndipo atalira ndinaona kuti ndi m'kamwa momwe kumwamba kunali kotseguka. Ndinali ndisanaonepo zotere. Mng'ono wanga anali kundiyang'ana ine, osati mwanayo, kufuna kuona nkhope yanga, ndiye ndinadzilimbitsa n'kumunyamula. Namwino uja anatiuza kuti zimachitika, si koyamba iye kuziona, ndipo kumabwera madokotala pa ndege yaing'ono amene amasoka milomo yotere mwana akakulako.

Kenaka analowa apongozi. Chala chija chinali chitatambasuka kale, chokapinda kamlomo. Atafika pabedi anaima njo, chala n'kubwerera m'chitenje. Anayang'ana mwana, n'kuyang'ana mng'ono wanga, n'kunena pamaso pa azimayi onse a m'wodimo kuti, "Wamudula mwana."

Kwathu mdulo timaudziwa. Akuluakulu amati mkazi kapena mwamuna akayenda kumbali mkazi ali ndi pakati kapena mwana ali wakhanda, mwanayo amadulidwa, amatsokomola, kutupa masaya ndi miyendo, n'kumawonda. Ine ndinakula ndikumva zimenezo, koma mdulo wa pa mlomo sindinaumvepo chibadwire. Kungoti mlomo uja unkaoneka ngati wina waucheka ndi lezala, ndiye mawu akuti kudula anangokwanira bwinobwino m'kamwa mwa mayi aja. Ndipo onani, mdulo umene ankaunenawo unali wa mkazi yekha. Mwana wawo amene ankayenda ndi galimoto mumahotela tsiku lonse sanamufunse ngakhale funso limodzi.

Ndinati, "Amayi, mwati bwanji? Munthu sanasambe n'komwe, inu mwayamba kale milandu? A nesi akuti zimasokeka."

Iwo anati, "Mnofu si chitenje. Atchule mwamuna amene anayenda naye, tipeze mankhwala. Asanatchule, ife dzina sitipereka."

Pabanja pawo dzina la mwana woyamba limachokera kuchimuna, ndipo limaperekedwa mchombo ukagwa. Mchombo unagwa. Dzina kunalibe. Mwana wa munthu anthu a mu Malota anayamba kumutchula kuti ka mlomo kaja, ndipo ena amene chikhalire sanatipatsepo moni ankabwera ati kudzaona mwana, koma maso ali pamlomo basi, kuti akapeze chokamba kumpopi. Tsiku lililonse apongozi ankalowa m'kanyumba kaja, kukhala pampando, n'kufunsa funso lomwelo. Ndani? Mng'ono wanga ankangogwada n'kumalira.

Nanga mlamu wanga? Aa, musandiseketse. Munthu wotha kulongosolera azungu za mathithi m'Chingerezi kuyambira kubwalo la ndege mpaka kumlatho osapuma, pamaso pa amayi ake anasanduka bubu. Ndinamupeza akutsuka galimoto n'kumufunsa ngati iye mumtima mwake akukhulupirira kuti mkazi wake anayenda kumbali. Iye anabadwira m'tauni momwemo, amalankhula za m'tauni. Anati, "Ba mulamu, iyi ni nkhani ya bakulu. Manje ine ningakambe chani?" Ndinamuuza kuti popereka mimba sanaitane akuluakulu. Tsiku lomwelo ndinamanga zovala za mng'ono wanga m'chitenje n'kumutenga iye ndi mwana kupita kwanga.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali kudya kwa mwanayo. Bere ankaligwira koma kukoka osatha, chifukwa mpweya unkathawira pong'ambika paja. Kamkaka kakalowa, kankatulukira m'mphuno, iye n'kutsamwa, n'kutsokomola mpaka nkhope kuda. Namwino anatiphunzitsa kufinyira mkaka m'kapu, kumukhazika mwana chilili pamwendo, n'kumamupatsa ndi kasupuni pang'onopang'ono. Ntchito yake inali yosatha. Ukamaliza kumudyetsa, nthawi yodyanso yakwana. Ndinasiya kuoloka mlatho, tinkalandizana supuni ija. Komabe manja onenepa aja anayamba kuphwa, ndipo kusikelo singano inkangoima pamodzimodzi.

Nkhani inafika kwa apongozi kuti mwana akutsokomola ndipo akuwonda. Anangoomba m'manja. Kutsokomola, kuwonda, si mdulo umenewo? Anatumiza azimayi anzawo awiri a kutchalitchi, anabwera ndi nyimbo ndi pemphero, ndipo atati amen anasendera kwa mng'ono wanga n'kuyamba kumunyengerera. Ati mwanawe, tonse ndife anthu, tchula dzina limodzi lokha, zithera m'nyumba muno, mwana apatsidwe mankhwala, apatsidwe dzina, iwe ubwerere kunyumba kwako. Ine ndinali panja ndikuchapa matewera. Nditamva ndinalowa ndi thovu m'manja n'kuwaonetsa khomo. Mpaka lero mmodzi mwa iwo akandiona amatembenukira kumbali, ndipo ine sizindipweteka mutu.

Atachoka, mng'ono wanga anatenga supuni n'kuyamba kumudyetsa mwana. Kenaka anati, "Asisi, bwanji ndingotchula?"

Ndinati, "Utchule ndani?"

"Aliyense. Kaya bambo wa makala uja wa pangodya. Anandinyamulirako thumba tsiku lina ndili ndi pakati, anthu anaona. Ndingotchula, mwina mwanayu achira."

Kalanga ine! Sindikumbuka tsiku lina limene ndinapsa mtima chotero. Mwana amene ndinamubereka kumsana ine, amene sanayang'anepo mwamuna wa mwini m'maso, amufikitsa pofuna kudzinamizira yekha, n'kunamiziranso bambo wosalakwa wa ana ake ndi mkazi wake. Ndinamugwira mapewa n'kumugwedeza. Ndinati, "Unayenda naye?" Anati ayi. "Unayenda ndi wina aliyense?" Anati ayi. Ndinati, "Ndiye tseka pakamwa pakopo. Mlomo wa mwanayu akuti adzasoka, koma iwe ukatchula lero, palibe dokotala adzasoke mbiri yako. Mwana ameneyu adzakula akulozedwa kuti anamudula ndi amake." Analira, nanenso ndinalira, kenaka tinapitiriza ndi supuni ija chifukwa mwana anali asanakhute.

Mkati mwa masiku omwewo, ndikumupukuta mkaka pachibwano, kamlomo kam'munsi kanapindika ndipo ndinationa. Timaenje tiwiri, kena uku kena uku. Tonse maso athu anali pa mlomo wam'mwamba, wam'munsiwu palibe anauyang'ana. Ndinamuponya mwana kumsana ulendo wa kwa apongozi, ndikuchita kuthamanga, mumtima ndikuti lero nkhani yatha. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinati, "Amayi, tambasulani chala chanu chija. Chidindo chanu nachi."

Anayang'ana, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti ationa. Koma anangobwerera kunyemba zawo. Anati, "Ndani wakana kuti magazi ndi athu? Mwana ndi wathu, n'chifukwa chake zikutiwawa kuti anamudula." Ndinabwerera kunyumba manja ali lende. Mwana ndi wawo pomunyadira, koma dzina ayi, supuni ayi.

Patapita nthawi namwino uja anatitumizira uthenga kuti dokotala wa pa ndege uja akubwera, ndipo bambo wa mwana asalephere. Mlamu wanga ndinamuuza kawiri, iye n'kumati aona. Tsikulo litafika m'mawa ndinakwera minibasi mpaka kubwalo la ndege. Ndinamupeza ataima ndi madalaivala anzake, malaya oyera ositasita, akudikira alendo. Sindinanong'one. Ndinati, "Alamu, dokotala wachoka kutali kudzaona mwana wanu amene inu mukulephera kumuona kuchoka pa Malota pomwepa. Mukwera nokha kapena ndikunyamuleni?" Anzakewo anayang'ana pansi, mmodzi n'kunena kuti amugwirira ntchito. Tinapita pa galimoto yake yomweyo kuchipatala, kumene mng'ono wanga ankadikira ndi mwana.

Dokotalayo anali bambo wamtali, wa imvi, wosafulumira. Anamuunika mwana m'kamwa ndi katochi, n'kupinda kamlomo kam'munsi, n'kukhala kaye akuyang'ana. Kenaka anadzutsa mutu n'kuyang'ana mlamu wanga, osati m'maso koma pakamwa. Anamuitanira pawindo. Ndiye bambo wamkulu, wa ndevu zake, anaima pamenepo dokotala akumupinda mlomo ndi chala monga mmene amayi ake ankapindira makanda. Dokotala anafunsa kuti ndani winanso ali nato kwawo. Mlamu wanga, pozolowera kunyada, anachita kumwetulira. Anati, "Ni chidindo chathu. Bamayo bali nacho, na sisi wanga, na bana bake."

Dokotala analankhula m'Chingerezi, namwino n'kumatimasulira ife. Anati nkhope ya mwana imapangika mbali ziwiri zimene zimayenda kudzakumana pakati n'kulumikizana, ndipo izi zimachitika koyambirira kwenikweni, nthawi zina mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Kwa ana ena mbalizo sizifika pokumana. Anati kawirikawiri chifukwa chake sichidziwika bwino, koma pa mtundu umene uli ndi timaenje totere, timaenjeto ndi kung'ambikako zimayendera limodzi m'magazi. Mwana wina amatengera timaenje tokha, wina satengera kanthu, wina amatengera zonse.

Ine ndinati, "A nesi, afunseni bwinobwino. Mwanayu anadulidwa kapena ayi?"

Namwino anafunsa, dokotala anapukusa mutu. Namwino anati, "Akuti palibe chinadulidwa apa. Ndi mnofu umene sunalumikizane. Palibe chimene mayiyu anachita."

Ndinatembenukira mlamu wanga. Ndinali nditakonzeka kale kumutsanulira zonse zimene ndinasunga miyezi yonseyo, kuti ndiye odula mwana ndinu ndi amayi anu. Koma namwino anandigwira mkono. Anati, "Mayi, akutinso si mlandu wa bambowa. Munthu sasankha chimene watengera." Kunena zoona, mawu amenewo anandinyansa tsiku limenelo, ngakhale anali oona. Ndinkafuna wina agwade monga anagwadira mng'ono wanga. Mlamu wanga anali chiimire pawindo, dzanja lili pakamwa.

Dokotala anati mwana ayambe wanenepa, adzamusoka mlomo ulendo wotsatira, za m'kamwa pambuyo pake. Kuyambira pamenepo mlamu wanga anayamba kubwera kwanga akaweruka, ndipo anaphunzira supuni, ngakhale poyamba mkaka wambiri unkathera pamalaya oyera aja. Anati anawauza amayi ake zonse, iwo n'kuyankha kuti za azungu zimenezo. Singano ya kusikelo inayamba kusuntha. Dzina linali lisanabwerebe.

Anamusoka nyengo yozizira itayamba. Tsiku lotsatira masana tili m'wodi, ine, mng'ono wanga ndi mlamu wanga, tinangoona apongozi atulukira pakhomo, popanda wowaitana. Sanapereke moni. Anafika pabedi n'kuwerama. Mlomo unali wotupa, ulusi ukuoneka, koma unali mlomo wathunthu kuchokera uku kufika uku. Anauyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, motsitsa mawu, "Kani zimasokeka."

Anakhala pansi, pasimenti penipeni, miyendo tambalale, mayi wa yunifolomu uja. Anati, "Wanga uja anali mbali zonse ziwiri."

Mlamu wanga anati, "Wanu uti, bamayo?"

Ndiye anafotokoza, maso ali pasimenti. Asanabwere ku Livingstone, akadali mtsikana kumudzi, mwana wawo woyamba anali wamwamuna, ndipo anabadwa ndi mlomo wotero. Apongozi awo anati amudula. Anawatsekera m'nyumba kuti atchule mwamuna. Iwo anali asanayendepo ndi munthu wina aliyense, koma mwana sankayamwa, ndiye anatchula msuweni wawo wina. Mankhwala anabwera, mwana anamwetsedwa, koma anamwalirabe mchombo usanagwe. Msuweniyo analipitsidwa mbuzi n'kusamuka pamudzi. Amuna awo anawatonza ndi nkhani imeneyo mpaka tsiku limene analowa m'manda. Ana awo onse obadwa pambuyo pake sanauzidwepo kuti anali ndi mkulu wawo.

Mng'ono wanga misozi inali mbwembwembwe. Anthu amene ndimawauza nkhaniyi amati pamenepo ndiye ndinayenera kumva chisoni. Chisoni chinabwera, sindikana, koma chimene chinayamba kufika ndi china. Mayi ameneyu, mwa anthu onse a mu Malota, ndiye yekha amene ankadziwa ndi thupi lake kuti mkazi wosalakwa angathe kubereka mwana wotere. Ankadziwa kuti kutchula dzina sikuchiza. Ankadziwa pamene ankakhala pampando uja tsiku ndi tsiku mng'ono wanga atagwada.

Ndinati, "Amayi, ndiye kuti munkadziwa? Nthawi yonseyi munkadziwa kuti mwanayu sanalakwe?"

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Anati, "Ine ndinatchula. Iyeyu ndi ndani kuti asatchule?"

Mlamu wanga anatuluka panja.

Patapita kanthawi apongozi anadzuka, anakonza chitenje, n'kunena kuti abwera ndi dzina la mwana, lakhala lili m'mutu mwawo. Mng'ono wanga anapukuta misozi. Analankhula mwaulemu, monga mwa masiku onse, koma sanagwade. Anati, "Zikomo amayi, koma dzina ali nalo kale. Ndinamutcha ndekha pamene ndinkamudyetsa ndi supuni. Limenelo musunge." Atatero anawalola kumunyamula mwanayo, ndipo iwo anamunyamula. Ine ndikanakhala iye sindikanawapatsa.

Apongozi aja pepani sanamunenepo mpaka anamwalira. Mng'ono wanga anabwerera kwa mwamuna wake atapeza nyumba yawoyawo kutali ndi kuseri kuja, ndipo apongoziwo atadwala ndi iye amene ankawasambitsa. Amandiuza kuti ndizikhululuka. Ndimamuyankha kuti iye wakhululuka kale zokwanira tonse awiri.

Mwana uja anakula, kachipsera kake muyenera kuyandikira kuti mukaone, ndipo pano ali ndi wake. Tsiku limene anachira ndinali pakhonde la chipatala chomwecho ndi fulasiki, tsitsi langa litayera. Titalowa, azakhali ake, mlongo wa mlamu wanga uja, anafika pabedi chala chitatambasuka kale kulunjika pakamlomo ka khanda. Ndinalimenya dzanjalo phaa, wodi yonse inatembenuka. Ndinati, "Yambani mwafunsa ngati mayi wake wadya."